Momwe mungasakire tinthu tatsopano m'deta ya CMS

Simufunika kupita ku Geneva kuti muyambe. CERN, malo ofufuzira za sayansi kumeneko, imaika poyera deta ina ya CMS, makina ake aakulu ojambula tinthu ting'onoting'ono totuluka ma proton akawombana, pa CERN Open Data, ndipo mafayilo a ma muon (tinthu tofanana ndi ma electron koma tolemerapo) awiriawiri amatseguka pa laputopu wamba ndi Python. Ine ndimalangiza aliyense kuyambira pa ma muon, chifukwa amapyola zigawo zonse za makinawo n'kusiya njira yosavuta kuyeza.

Tengani zochitika (kuwombana kojambulidwa) zimene muon imodzi ili ndi chaji ya positive, inzake negative. Werengerani invariant mass, ndiko kulemera kwa kanthu kamene kanasweka n'kubala awiriwo. Fayilo ikakhala ndi pT (momentum ya muon mopingasa njira ya ma proton), eta ndi phi (zosonyeza komwe yalowera), M² = 2·pT1·pT2·(cosh Δη − cos Δφ) ikukwanirani. Jambulani histogram pa sikelo ya log.

Musathamangire kumtunda, komwe kuli zolemera kwambiri. Yambani mwapeza tinthu todziwika kale, tomwe timaoneka ngati nsonga pa histogram: J/psi pa 3.1 GeV (muyeso wa kulemera kwa tinthuti), Upsilon cha pa 9.5 GeV, Z pa 91 GeV. Nsonga zimenezi zikapanda kuima pamalo ake, bwererani kukhodi yanu. Apa ndimaumirira kwambiri, pakuti amene sangapeze Z sangakhulupiridwe pa china chilichonse.

Kupitirira Z mzere umatsika mosalala; zimenezo ndi zochitika za Drell-Yan (ma muon awiriawiri obadwa mwa njira yodziwika kale) zomwe Standard Model, chiphunzitso chovomerezeka cha tinthuti, imalosera. Z′, mnzake wa Z wolemerapo, yomwe akatswiri ena amaiganizira kunja kwa Standard Model, ikanatumphuka ngati kachulu pamzerewo. Kuti mufike kumeneko mufunika fayilo yaikulu, chifukwa zochitika zimachepa msanga.

Lembani malamulo anu osankhira musanasuzumire dera lomwe mukusakamo, ndipo musawasinthe mukaona zotsatira. Maso akafuna chulu amachipeza. Mu Disembala 2015 ATLAS (makina ena a CERN) ndi CMS onse anaona kutukuka pa 750 GeV m'ma photon (tinthu ta kuwala) awiriawiri, mapepala mazanamazana analembedwa kufotokoza kanthu katsopanoko, koma pofika Ogasiti 2016, deta itachuluka, kanazimiririka. Mukayang'ana malo ambiri, amodzi adzatukuka mwangozi basi, choncho werengerani mwayi wa dera lonse, osati wa pamalo amodzi. N'chifukwa chake akatswiri amadikira 5 sigma, mlingo wosonyeza kuti n'kovuta kwambiri kuti zikhale zangozi, monga anachitira ndi kanthu kotchedwa Higgs ka 125 GeV mu 2012.

Mukapanda kupeza kanthu, werengerani malire: kuchuluka kwa Z′ komwe deta yanu ikukana pa kulemera kulikonse. ATLAS ndi CMS anakankhira Z′ ya mtundu wosavuta kupitirira pafupifupi 5 TeV (5,000 GeV) mwa njira yomweyi, ndipo mutha kufanizira malire anu ndi awo.