Akukanizani akaunti ya ophunzira kubanki chonsecho mulibe ngongole ndi munthu? Yambirani apa

Sukulu zikamatsegulira, nthambi za mabanki mu Lilongwe, ku Bwalo la Njobvu, ku City Centre ndi ku Gateway Mall zimadzaza ndi ophunzira a ku Bunda, ku Natural Resources College (NRC), ku Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS) ndi ku Lilongwe Technical College. Ambiri amafuna akaunti mwachangu chifukwa ndalama ya upkeep (yodzisamalira pasukulu) yochokera ku bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira la Higher Education Students' Loans and Grants Board imadzera kubanki. Ena amabwerera chimanjamanja, ndipo dandaulo lawo limakhala limodzi: "Ine sindinathawepo ndi ngongole ya munthu, nanga andikanizira chiyani?"

Zimapweteka, koma mbiri yabwino ya ngongole si imene imatsegula akaunti. Mabungwe osunga mbiriyi, monga Credit Data CRB ndi TransUnion, amagwira ntchito pansi pa lamulo la Credit Reference Bureau Act la 2010, ndipo banki imawadalira kwambiri ikafuna kukubwerekani ndalama. Potsegula akaunti mafunso ake ndi ena: ndinu ndani, mumakhala kuti, ndalama zolowa zizichokera kuti. Izi ndi zomwe amazitcha KYC (kudziwa kasitomala wako), ndipo lamulo la Financial Crimes Act la 2017 limakakamiza banki iliyonse kuzitsatira. Banki ikalekerera, imakayankha kwa Reserve Bank of Malawi ndi bungwe lofufuza milandu ya zachuma la Financial Intelligence Authority. Ndiye wapakauntala akaona pepala limodzi losagwirizana ndi linzake, amaona kuti bola akubwezeni kusiyana n'kuika ntchito yake pachiswe.

Choyamba, musatuluke musanamve chifukwa chake

Mawu oti "sisitimu yakana" si yankho. Pemphani mwaulemu kuonana ndi woyang'anira makasitomala kapena manejala wa nthambiyo. Mutha kunena kuti, "Pepani bwana, ndimafuna mundithandize kudziwa chomwe chaperewera pa fomu yangayi kuti ndikakonze." Lembani tsiku, nthambi ndi udindo wa amene mwalankhula naye, ndipo ngati n'kotheka akulembereni papepala zomwe zikusowa. Nthawi zina banki siiulula zonse, koma kawirikawiri amakuuzani, chifukwa naonso amafuna makasitomala.

Kenako ikani mapepala anu onse patebulo, muwerenge mayina chilembo ndi chilembo

Apa m'pamene ambiri amagwera. Tengani chiphaso cha unzika chochokera ku National Registration Bureau (NRB), kalata yokuitanani kusukulu, chiphaso cha kusukulu ndi satifiketi ya MSCE. Pa chiphaso cha unzika palembedwa Chirwa, pa kalata ya kusukulu Chilwa. Kapena kusekondale munkalemba dzina la agogo amene anakulerani, pomwe pa kalembera wa unzika wa 2017 munalembetsa la bambo anu. Ena ali ndi dzina lachizungu pa pepala lina, lachichewa pa linzake. Kwanu aliyense amadziwa kuti ndi munthu mmodzi, koma kompyuta ya kubanki imaona anthu awiri. Tsiku lobadwa nalo limavuta, makamaka kwa amene anachepetsedwa zaka polembetsa mayeso a Sitandade 8.

Mukapeza kusiyana, onani kuti cholakwika chili pati. Ngati ndi sukulu inalakwitsa, pitani ku ofesi ya rejisitara akulembereni kalata ina. Ngati vuto lili pa chiphaso cha unzika, pitani ku ofesi ya NRB ya m'boma lanu, ndipo konzekani kudikira, chifukwa chiphaso chatsopano sichituluka tsiku lomwelo. Podikirapo, funsani banki ngati ingalandire kalata yolumbira, yosainidwa pamaso pa majisitireti kapena loya, yotsimikiza kuti mayina onsewo ndi anu. Funsani kaye musanalipire, poti si nthambi iliyonse imailandira. Onaninso tsiku lothera ntchito pa chiphasocho, komanso ngati nambala ya foni yomwe mwalemba pa fomu inalembetsedwa m'dzina lanu. Layini yomwe anakugulirani achemwali anu ndi chiphaso chawo itha kubweretsa mafunso.

Tsimikizani kuti ndinudi wophunzira monga momwe banki imaonera

Akaunti ya ophunzira imakhala ndi zolipira zochepa, ndiye banki imasefa. Kalata yakale yokuitanani kusukulu nthawi zina siikwanira. Pemphani kalata ya chaka chino yokhala ndi chidindo, siginecha ndi nambala yanu ya kusukulu. Mabanki ena amaika malire a zaka, ndipo amene ali pantchito n'kumaphunzira Loweruka ndi Lamlungu kapena kudzera m'maphunziro a patali atha kuuzidwa kuti akaunti yowayenera ndi ya anthu olandira malipiro. Chiphaso cha unzika munthu amatenga akakwana zaka 16, koma ngati simunafike 18, yembekezerani kuti afuna kholo kapena wokusungani adzasainire.

Umboni wa komwe mumakhala

Wophunzira wochita lendi kachipinda ku Mitundu, ku Likuni kapena ku Area 25 sakhala ndi bilu m'dzina lake. Pemphani eni nyumba akupatseni fotokope ya bilu ya madzi kapena lisiti la mayunitsi a ESCOM, pamodzi ndi kakalata konena kuti mumakhala pamenepo. Komwe kulibe zimenezi, kalata ya amfumu kapena ya mkulu wa dera yokhala ndi chidindo imathandiza, ndipo okhala m'hostelo atenge kalata kwa woyang'anira ophunzira. Akakuuzani kuti mujambule mapu a kwanu kuseri kwa fomu, musathamange. Yambirani pamsewu waukulu, onetsani siteji ya minibasi, tchalitchi kapena chigayo chodziwika, kenako nyumbayo. Mzere umodzi wokhota ndi kabokosi kumapeto sizimuuza kanthu munthu amene sanafikeko.

Tsopano onani mbiri ya ngongoleyo ndi maso anu

Kunena kuti mbiri yanu ili bwino n'kosiyana ndi kuiona. Muli ndi ufulu wopempha lipoti lanu ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole aja ndiponso kutsutsa zolakwika zomwe mwapezamo. Muyang'ane ngongole yaing'ono ya pafoni yomwe munaiwala, ngongole yomwe munasainira mnzanu ngati mboni, kapena ya munthu wina wofanana nanu dzina. Kumbukiraninso akaunti yomwe anakutsegulirani muli kusekondale n'kuisiya. Ngati ili ku banki yomweyo, mwina akungofuna muidzutse kapena muitseke kaye musanatsegule ina.

Zonse zili bwino koma akukanabe

Lembani kalata ya dandaulo kwa manejala wa nthambi, mufotokoze mwachidule zomwe zinachitika ndi mapepala omwe munapereka. Pangani makope awiri, ina akudindireni musunge. Akapanda kuyankha, kapena yankho likakhala losamveka, pitani ndi kope yodindayo ku Reserve Bank ku City Centre. Gavanala wa bankiyi ndiye amayang'aniranso mabungwe onse a zachuma m'dziko muno, ndipo kuli gawo lolandira madandaulo a makasitomala. Kumeneko adzayamba akufunsani ngati munadandaula kaye ku banki yanu, n'chifukwa chake chidindo chija n'chofunika. Dziwani kuti banki ili ndi ufulu wosankha makasitomala, koma iyenera kukuchitirani chilungamo ndi kumva dandaulo lanu.

Simuyeneranso kukakamira khomo limodzi. National Bank, Standard Bank, NBS, FDH, First Capital, Centenary ndi Ecobank onse ali ndi nthambi mu Lilongwe, ndipo zofuna zawo zimasiyana. Funsani za akaunti wamba yosungira ndalama ngati ya ophunzira yavuta, koma mufunsitsitse zomwe amadula pamwezi ndi potapa ndalama. Makolo atha kumakutumizirani pa Airtel Money kapena TNM Mpamba pamene mukukonza mapepala.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikukupemphani kuti musachite ngakhale nthawi itakutherani. Musapereke ndalama kwa adobadoba olonjeza kuti ali ndi wachibale mkatimo, ndipo musawasiyire fotokope ya chiphaso chanu, chifukwa atha kutsegulira akaunti kapena layini yobera anthu, mlandu n'kudzagwera inu. Musalembetsenso akaunti ya mnzanu kuti ndalama ya upkeep idzere mmenemo. Ngati tsiku lomaliza lopereka nambala ya akaunti layandikira, pitani ku ofesi yoona za ophunzira pasukulu panu ndi kalata yanu ya dandaulo, muwadziwitse kuti nkhani ili kubanki, ndipo mufunse kuti nambalayo mudzaipereke bwanji ikatuluka.