Kusamalira hatchi ya ku Iceland mukapeza ntchito m'khola la ku Ulaya

Ngati mwapeza ntchito pafamu ku Germany, Denmark, Sweden kapena Britain, mutha kukumana ndi hatchi yaifupi, ya ubweya wambiri, yochokera ku Iceland. Imatalika masentimita 132 mpaka 142 pamapewa ndipo imalemera makilogalamu 330 mpaka 380. Eni ake amaikonda chifukwa cha kayendedwe kotchedwa tölt, kamene wokwera sagwedezeka ngakhale hatchi ikuthamanga. Saikwera isanakwane zaka zinayi.

Inazolowera dziko lozizira la msipu wochepa, choncho chimene chimaivulaza kawirikawiri ndi kudyetsedwa mopitirira muyeso. Ife amene tinakula tikuona kuti chiweto chonenepa ndiye chosamalidwa bwino, apa tiyenera kudziletsa. Hatchi ya makilogalamu 350 imene sikugwira ntchito yolemetsa ikukwanira ndi udzu wouma wa makilogalamu 5 kapena 6 patsiku. Yezani pasikelo, osati ndi maso. Gawani katatu kapena kanayi, muike mu ukonde wa maso ang'onoang'ono kuti izidya pang'onopang'ono, chifukwa mimba ya hatchi siyenera kukhala nthawi yaitali yopanda kanthu. Musaiwonjezere mbewu kapena madeya ngati mwini wake sananene. Posintha chakudya, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku 7 mpaka 14. Hatchi sisanza, ndipo kusintha mwadzidzidzi kumaipotokola m'mimba koopsa.

Msipu wanthete wa mu Epulo ndi Meyi uli ndi shuga wambiri, ndipo ndiwo umayambitsa laminitis, kutupa kwa mkati mwa ziboda. Muziigwira khosi: mafuta olimba pamwamba pa khosi ndi chenjezo. Mukaona ziboda zatentha, hatchi yaima motsamira kumbuyo, miyendo yakutsogolo itaponyedwa patsogolo, kapena ikuvutika kutembenuka, ichotseni pamsipu, iikeni pofewa, musaiyendetse, ndipo dokotala wa ziweto aitanidwe tsiku lomwelo.

M'nyengo yachisanu ubweya wake umakhala wa magawo awiri. Inu mudzazizidwa, iyo ayi. Kuifunditsa bulangeti lolemera kumaichititsa thukuta ndipo khungu limaonongeka. Chofunika ndi pobisala mphepo ndi mvula, komanso madzi okwana malita 20 mpaka 30 patsiku. Madzi akaundana pamwamba, swani m'mawa ndi madzulo.

M'chilimwe vuto ndi tizilombo touluka toluma totchedwa Culicoides, tating'ono kuposa udzudzu. Mahatchi obadwira ku Iceland akapita kunja, ambiri thupi lawo limadana ndi malovu a tizilomboti, ndipo amadzikanda pakhosi ndi patsinde la mchira mpaka zilonda. Ivekeni hatchi chofunda chopyapyala chophimba khosi ndi mimba tizilomboti tisanayambe, osadikira zilonda. Mbandakucha ndi chisisira hatchi ikhale m'khola, kutali ndi mulu wa ndowe ndi madzi osayenda.

Ziboda zichotsedwe matope ndi miyala tsiku lililonse, ndipo wosema ziboda azibwera pakatha masabata 6 mpaka 8.

Amene mukupita kukagwira ntchito ku Iceland kwenikweniko, dziwani kuti hatchi yotulukako sibwereranso, ndipo mahatchi akumeneko salandira katemera. Choncho, popewa kulowetsa matenda, chishalo, zingwe zachikopa ndi magolovesi zimene zinagwira kale ntchito kunja siziloledwa kulowa. Zovala ndi nsapato zokwerera hatchi zichapidwe ndi kuthiridwa mankhwala ophera tizilombo musananyamuke.