M'bale wanu akamangidwa ku Mzuzu: zoyenera kudziwa ndi kuchita

Munthu amakhala wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Ntchito yobweretsa umboni ndi ya boma, si ya womangidwa. Mfundo imeneyi ili mu gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko a 1994, koma imathandiza pokhapokha abale akaidziwa.

Mukangofika kupolisi, funsani mlandu womwe m'bale wanuyo wamangidwira, ndipo lembani tsiku ndi nthawi yomwe anamutenga. Nthawiyo ndi yofunika: apolisi ayenera kumupititsa kukhoti pasanathe maola 48. Maolawo akathera Loweruka, Lamlungu kapena pa holide, apite tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito. Belo ya kupolisi ndi yaulere, musalipire kalikonse.

Ambiri amadzimangirira okha pa sitetimenti, mawu omwe apolisi amalemba pomufunsa womangidwa. Womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, ndipo sayenera kukakamizidwa kuvomera mlandu. Muuzeni asasaine kapena kudinda chala pa pepala lomwe sanamuwerengere m'chiyankhulo chimene amamva. Kuno zimenezi n'zazikulu, chifukwa khoti limalemba m'Chingerezi pomwe ambiri amayankhula Chitumbuka kapena Chitonga. Wotanthauzira amaperekedwa ndi boma. Ngati mawu sakumveka, aimike dzanja n'kuuza a majisitireti nthawi yomweyo, osati kumangogwedeza mutu chifukwa cha ulemu. Chimapweteka kwambiri n'chakuti ena amavomera mlandu poganiza kuti atuluka msanga, kenako n'kulandira chilango pa zomwe sanachite.

Kukhoti mbali zonse ziwiri ziyenera kumvedwa. Mboni ya boma ikamaliza, woimbidwa mlandu amaloledwa kuifunsa mafunso: munaima pati, kunali kuwala kotani, munali ndi ndani? Apa si poyambira kufotokoza mbali yake, nthawi yake imabwera, ndipo atha kuitana mboni zake. Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau (nthambi ya boma yothandiza anthu osowa ndalama za loya) ya mu Mzuzu momwemuno mlandu usanayambe.

Popempha belo kukhoti, bwerani ndi anthu omuikira kumbuyo okhala ndi ziphaso zaunzika komanso malo odziwika. Akatuluka asaphonye tsiku la khoti ngakhale limodzi. Mlandu suola, ndipo belo imalandidwa.

Woweruza akakhala m'bale kapena mnzake wa wodandaula, pemphani mwaulemu kuti mlanduwo aumve wina. Chigamulo cha majisitireti chikapanda kukukhutiritsani, apilo imapita ku High Court ya Mzuzu, ndipo chidziwitso cholemba chonena kuti mukuchita apilo chiperekedwe pasanathe masiku 10 kuchokera tsiku la chigamulocho.