Mmene ndinatsitsira BP ndili ndi zaka 29

Mutu unkandiwawa chakunkhongo pafupifupi m'mawa uliwonse. Ndinkamwa Panado, kenako madzi a adyo omwe azakhali anandiuza, osaphula kanthu. Atandiyeza BP kuchipatala anapeza 162/101. Ndinabwererako kawiri, manambala akadali pamwamba pa 140/90, pomwe amati BP ndi yokwera, ndiye adokotala anandiyambitsa amlodipine wa 5mg, piritsi limodzi patsiku. Kuchipatala cha boma sindinalipire kalikonse.

Patatha mwezi ndinayamba kupeza bwino, n'kusiya kumwa mankhwalawo. Apa ndi pomwe ndinalakwitsa kwambiri. BP inakweranso mwakachetechete mpaka 158/98, mutu osawawa n'komwe. Anamwino anandiuza mosapsatira kuti mankhwalawa sachiza, amangoigwira BP kuti isakwere, ndipo ikalekereredwa imawononga impso ndi kudzetsa sitiroko. Kuyambira tsiku limenelo mapiritsi amakhala pafupi ndi mswachi. Ndikangotsuka mano, ndamwa.

Mchere ndiye unandivuta. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wobisika mu soseji, Royco ndi tchipisi ta pachiwaya. Kambale ka mchere tinakachotsa patebulo, ndiwo timakoleretsa ndi tomato, anyezi ndi nsinjiro. Masabata awiri oyamba nkhwani unkamveka zii, kenako lilime linazolowera.

Madzulo ndimayenda mphindi 30 kuno ku Chinamwali ku Zomba, Loweruka ndimakwera msewu wa Ku Chawe wapansi. Mowa ndinachepetsa. Ndinagulanso kamakina koyezera ku famase, ndipo manambala ndimalemba m'kope lomwe ndimapita nalo kusikelo. Papita miyezi inayi, dzulo BP inali 126/80.