Njira yotsata pofuna kudzakhala pharmacy technician, kwa achinyamata a ku Salima ndi ku Nkhotakota

Kukonzekera ntchito imeneyi kumayambira mu Fomu 3, pamene wophunzira akusankha maphunziro oti adzalembe pa mayeso a MSCE. Amene akufuna kudzagwira ntchito ku famase asasiye Biology, Chemistry, Physics ndi masamu, ndipo alimbikirenso Chingerezi chifukwa mabuku onse a kukoleji ndiponso malangizo olembedwa pa mabotolo a mankhwala ali m'chiyankhulo chimenecho. Makoleji a zaumoyo amayang'ana ma credit, kutanthauza giredi 1 mpaka 6, choncho amene anapeza 7 kapena 8 m'phunziro la sayansi achita bwino kulembanso mayeso kusiyana ndi kumangotaya ndalama zofunsira malo chaka ndi chaka. Masamu musawaone mopepuka, pakuti mlingo wa mankhwala a mwana umawerengedwa potengera kulemera kwake, ndipo kuphonya pang'ono pochulukitsa kungathe kuvulaza mwanayo.

Sukulu ya boma yodziwika pa maphunziro amenewa ndi Malawi College of Health Sciences, ndipo za famase zimaphunzitsidwa ku nthambi yake ya ku Lilongwe. Muyenera kudziwa kusiyana kwa magawo atatu musanadzaze fomu. Satifiketi ya zaka ziwiri imatulutsa pharmacy assistant, amene kawirikawiri amatumizidwa ku zipatala zing'onozing'ono za kumidzi. Dipuloma ya zaka zitatu ndiyo imatulutsa pharmacy technician, amene amasamala mankhwala ndi kuwapereka kwa odwala kuchipatala. Pomwe digiri, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imatulutsa pharmacist. Ngati mwakopeka ndi koleji yomwe si ya boma, musanalipire fizi fufuzani kaye ngati maphunziro akewo ndi ovomerezeka ndi National Council for Higher Education komanso Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, yomwe anthu amangoitchula kuti PMRA, chifukwa pepala lochokera ku sukulu yosavomerezeka silingakulembetseni m'kaundula wa ogwira ntchitoyi.

Koleji ikalengeza malo m'nyuzipepala ndi pa intaneti, werengani chilengezocho mpaka kumapeto, popeza ndi momwe mumalembedwa ma credit ofunika chaka chimenecho ndi tsiku lotsekera. Ndalama yofunsira malo ilipiridwe kubanki, ku akaunti ya koleji, ndipo kapepala ka kubankiko mukasunge. Munthu wina aliyense wolonjeza kukupezerani malo mukamutumizira ndalama pa foni ndi wakuba. Makolo nawo ayambiretu kuganizira za malo ogona ndi chakudya, pakuti ngakhale Lilongwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima pa msewu wa M14, si ulendo woti munthu n'kumayendera tsiku ndi tsiku, ndipo wochokera ku Dwangwa ndiye kutalikiratu.

Kukoleji mudzaphunzira momwe mankhwala amagwirira ntchito m'thupi, kapangidwe ndi kasakanizidwe kake, malamulo oyendetsera mankhwala, ndiponso kasamalidwe ka nkhokwe. Mudzatumizidwanso kuzipatala kukaphunzira pogwira ntchito, ndipo ine ndimaona kuti apa m'pamene wophunzira ayenera kuikapo mtima kwambiri, makamaka pa ntchito ya m'nkhokwe imene ambiri amaithawa poiona ngati yotopetsa.

Mankhwala aliwonse m'nkhokwe amakhala ndi stock card yake, pomwe pamalembedwa tsiku, kuchuluka kwa omwe alowa, omwe atuluka, kumene apita ndi omwe atsala. Dzizolowezeni kulemba nthawi yomweyo pamene katoni ikutuluka, osati madzulo mukuweruka, chifukwa chiwerengero cha pa khadi chikasiyana ndi cha pa shelefu, woyankha mafunso ndi inuyo. Poika mankhwala pa shelefu, amene atsala pang'ono kutha mphamvu amakhala kutsogolo kuti atuluke msanga, ngakhale atakhala kuti afika dzulo lomweli. Kwa ife a kunyanja kuno palinso nkhani ya kutentha. Mapaketi ambiri amalembedwa kuti asungidwe pamalo osapyola madigiri 30, koma mu Okutobala ndi Novembala chipinda chofolera ndi malata ku Chipoka kapena ku Benga chimatha kupitirira pamenepo, n'chifukwa chake muyenera kuphunzira kuwerenga ndi kulemba kutentha kwa chipinda m'mawa ndi masana. Katemera wambiri, insulin ndi oxytocin zimakhala mufiriji pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo magetsi akathima muyenera kudziwiratu komwe mungazisamutsire. Kumapeto kwa mwezi mumawerenga zonse n'kutumiza lipoti, lomwe limathandiza kuti Central Medical Stores Trust, yomwe imagawa mankhwala m'zipatala za boma, idziwe zoti ibweretse. Amene salingalira kuti malungo amachuluka mvula ikayamba, amadzapezeka kuti LA wamuthera odwala ali pamzere.

Mbali ina ndi ya pawindo loperekera mankhwala kwa odwala, pomwe chofunika ndi pakamwa. Wodwala wamkulu akapatsidwa LA amalandira mapiritsi 24, ndipo muyenera kumufotokozera m'Chichewa chomveka kuti amwe anayi nthawi yomweyo, anayi ena pakatha maola asanu ndi atatu, kenako anayi m'mawa ndi anayi madzulo kwa masiku awiri otsatirawo, atadya chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro. Mumuchenjezenso kuti asasiye kumwa thupi likayamba kupepuka, ndipo asasungireko mwana otsalawo. Mankhwala a likodzo, matenda omwe savuta kupezeka m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, nawonso amafuna munthu atadya kaye. Agogo amene sadziwa kuwerenga apempheni mwaulemu kuti abwereze zimene mwanenazo, ndipo ngati zolembedwa m'kabuku ka kuchipatala sizikuwerengeka kapena mlingo ukukayikitsa, pitani mukafunse amene walembayo m'malo mongoganizira.

Mukamaliza dipuloma, lembetsani ku PMRA musanayambe kugwira ntchito kulikonse, ndipo muzionetsetsa kuti chiphaso chanu sichinathe ntchito. Bungweli linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019, kulowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo lili ndi mphamvu zolanga wogwira ntchito wophwanya malamulo, kuphatikizapo wozembetsa mankhwala a boma kukagulitsa kumsika. Ntchito ya m'boma siituluka nthawi zonse mukangomaliza, choncho tumizaninso makalata ku zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, monga St Anne's ku Nkhotakota, ku mafamase a anthu wamba ndi ku makampani oitanitsa mankhwala. Amene akufuna kudzapitiriza mpaka digiri asunge bwino zotsatira za mayeso onse a kukoleji pamodzi ndi makalata a umboni ochokera komwe wagwirako ntchito, chifukwa zimenezi zidzafunika pofunsira malo ku yunivesite.