Apolisi akakuimitsani ku England kuti akusecheni zida

Mwafunsa chochita apolisi akakuimitsani mumsewu ku London n'kunena kuti akusaka mipeni, chonsecho simunalakwe kanthu. Ku England ndi Wales, gawo 60 la lamulo lotchedwa Criminal Justice and Public Order Act la 1994 limawalola kusecha munthu popanda kumukayikira, bola mkulu wa apolisi, kuyambira pa insipekitala, waloleza zimenezi m'deralo kwa maola osapitirira 24, ngakhale akhoza kuwonjezeredwa.

Choyamba, imani. Kukana kuima ndi mlandu, ngakhale m'thumba mulibe kalikonse.

Kenako funsani modekha dzina la wapolisiyo, siteshoni yake ndi lamulo lomwe akugwiritsa ntchito. Ayenera kukhala atavala yunifomu. Apa ndi pomwe ambiri amachita mantha n'kungokhala chete, pomwe kufunsa ndi ufulu wanu ndithu. Dzina lanu ndi komwe mumakhala simukakamizidwa kutchula.

Pagulu angakuvuleni chikhoti, jekete ndi magolovesi. Zovala zamkati ayi.

Akamaliza, pemphani kapepala kosonyeza kuti anakusechani, ndipo kasungeni bwino. Ngati anakuchitani chipongwe, kadandauleni ku polisi ya deralo kapena ku IOPC, bungwe loima palokha loona madandaulo okhudza apolisi, mutatenga kapepalako.