Bandulo sikuthanso msanga ana akamawerenga nthano

Ana a kumkombaphala kwathu kuno ku Mangochi amakonda nthano za zithunzi za pa webusayiti ya African Storybook, zomwe ndi zaulere ndipo zina zili m'Chichewa. Vuto linali bandulo. Ndikatsegula intaneti m'kalasi, WhatsApp ndi Facebook zinkadya data mwakachetechete, netiweki nayo n'kumadukaduka, ana n'kuyamba phokoso tsamba lisanatseguke.

Tsopano ndimachita chonchi. Ndikapita ku boma, komwe netiweki ndi yamphamvu, ndimasankha nthano za sabata yonse n'kuzisunga m'foni ngati PDF. M'kalasi ndimazimitsa data, nthano zimatseguka bwinobwino. Aphunzitsi anzanga ndimawapatsira pa Bluetooth, osalipira kalikonse.

Foni ndi yaing'ono, ndiye ana ndimawagawa m'magulu a asanu, ena akujambula pamchenga. Ambiri kunyumba amayankhula Chiyao, choncho ndimayamba ndafunsa m'Chiyao zomwe akuona pachithunzi, kenako n'kuwerenga m'Chichewa. Apa mpomwe amamasuka, ngakhale amanyazi aja.

Makanema ndidawasiya. Amadzaza foni, komanso ndi dzuwa la kunoli foni imatentha, batire n'kutha tisanaweruke.